Belu Lomaliza ku Limbuli

Zaka zinayi ndaliza belu ili,
chitsulo cha gudumu la thirakitala ya kuesiteti
cholendewera pa mtengo wa mapeyala.
Lero ndagwira chomenyera, dzanja likukana.
Pepala lomaliza tidalemba dzulo.
Phiri lafunda nkhungu, silikutiyang'ana n'komwe.

Uyo Sigele Namakhwa, mochedwa ngati kale,
zala zake zodetsedwa ndi tiyi.
Loweruka lililonse dengu kumsana,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga.
Fizi yake inkayezedwa pa sikelo.
Akuti adzakhala namwino.
Wayamba kale kutikalipira tikamwa madzi a m'ngalande.

Dafuleni sadikira zotsatira.
Masamu adaphunzirira pa Muloza:
makwacha kusanduka metikashi, metikashi kubwerera makwacha,
pakatipo iye n'kutsala ndi ya sopo.
Aphunzitsi atati apeze x
iye adati, “Sala, ameneyo akugula kapena akugulitsa?”
Tidaseka mpaka kulandira chibalo tonse.
Njinga yamoto ya ngongole ikumudikira kwa amalume ake.

Ferista salankhula.
Teremu yathunthu idatha tisanamve mawu ake.
Koma tsiku la mtsutso ku Chisitu
adaimirira, nafunsa kuti kubiriwira konseku n'kwa yani
pamene kamunda ka mayi ake
ukayala mphasa zitatu katha.
Holo idangoti zii.
Uloya, akutero,
mapointsi akalola, mbuzi zikaswa.

Mulepa golo ndi yake.
Mpira umamuopa, Chingerezi samuopa.
Patchuthi amasenza zikwama za alendo kukwera phiri,
amatsika ndi mawondo otupa
ndi mawu atatu a chilankhulo chomwe sitichidziwa.
Lero afuna usilikali, dzulo ankafuna ubusa.
Mawa tikamufunsenso.

Ndiye Lekeleni.
Adachoka tili Folomu 2, anthu nalankhula zolankhula zawo.
Adabwerera yunifolomu itamuthina,
nakhala kutsogolo kwenikweni, pomwe choko chimagwera m'maso.
Pa nthawi yopuma ankathamangira kumpanda
komwe mng'ono wake ankadikira ndi khanda kumbuyo.
Belu ndinkalichedwetsa pang'ono.
Ahedi ankadziwa, ankangoyang'ana wotchi yawo n'kukhosomola.
Akufuna uphunzitsi, pompano, m'kalasi lomweli.

Pali desiki ina pafupi ndi zenera.
Mwini wake adapita ndi madzi chaka cha namondwe.
Ankajambula milatho kumapeto kwa kope lililonse.
Dzina lake lidakali pa thabwa, adalizokota ndi kampasi,
ndipo pojambulitsa chithunzi
tasiya mpata pakati pa Mulepa ndi ine
popanda wotiuza.

Malaya athu adzaza ndi bolopeni:
usandiiwale, tidzakumana ku Zomba,
undibwezere faifi handiredi yanga.
Wina wabweretsa nanazi, mpeni palibe,
tikumusenda ndi rula yachitsulo.
Madzi ake akutsikira m'zigongono.

Nanga iwe? akundifunsa.
Ine ndadziwa nthawi ya aliyense,
yolowa, yopuma, yoweruka,
koma yanga sindinaione pa wotchi.
Bambo akuti kufakitale kukufunika kalaliki.
Usiku ndimamasula wailesi zakufa za m'mudzi,
zina zimadzuka, zimalankhula Chipwitikizi cha kutsidya.
Mwina n'kumeneko. Sindinauze munthu.

Kamnyamata ka Folomu 1 kaima pambali panga,
kabudula wa mkulu wake, maso pa chomenyera.
Ndakauza kuti osamenya pakati, pamalira mogontha,
menya m'mphepete, katatu,
ndipo ukaona wina akuthamanga kuchokera m'tiyi
uwerenge mpaka teni kaye.

Ngee! Ngee!
Kachitatu ndakasiyira iko.
Chiperoni chayamba kuwaza.
Tikutuluka pageti tili chigulu,
pamphambano ena akhotera ku Muloza, ena kumalaini,
Sigele akufuula kuti tisanyowe, tidwala.