Ngolo ya ku Chalala

Ku Buseko kumacha ndi fungo la utuchi wonyowa.
A Chulu, phazi ataponda pa tayala langa,
akuti, "Tiwonjezepo makumi awiri, mayi,
matabwa a paini ndi mapesi chabe."
Mapesi!
Ngolo yagwada kale,
matako a pikiapu atsala pang'ono kupsopsona fumbi,
mphuno yaloza kumwamba ngati ili ndi funso kwa Mulungu.

Misheki walowetsa chitsulo pachikolowekero,
wapingasa matcheni monga ankachitira malemu,
wagogoda bodi kawiri. Tiyeni.

Galimoto iyi imamwa petulo.
A madizilo amandiseka pa Lumumba,
ati ndikukoketsa phiri ndi mbuzi.
Aseke.
Yelesani anandisiyira iyoyi, ana atatu,
ndi kabuku kolembamo mafuta
kamene dzanja lake linalekera pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.

Giya yoyamba.
Kilachi ikununkha ngati tsitsi lopserera.
Yachiwiri. Injini ikukuwa, liwiro palibe,
wa njinga ya makala watipitirira osacheuka.
Singano ya mafuta ikutsika ndikuiona ndi maso,
ngati shuga m'nyumba yofika alendo.

Kukoka si nkhani.
Nkhani ndi kuima.
Chimene wachikoka mtunda wonse
chimadzakukankha pa maloboti.

Pa Kamwala minibasi yatidula kutsogolo,
kondakitala ali lendee pachitseko, akuitana wokwera mmodzi.
Phazi lathamangira buleki,
ngolo kumbuyo yayamba gule wake,
kumanzere, kumanja, kumanzere kwambiri,
matabwa akuwomba m'manja,
Misheki waitana amake a ku Katete.
Ndiye mawu aja, pafupi ndi khutu,
ndi fungo lomwe lija la girisi ndi sopo wofiira:
ikavina usailetse ndi ukali,
chotsa phazi pang'onopang'ono,
gwira chiwongolero ngati mutu wa mwana wodwala.

Yaleka.
Taima chala chimodzi kuchokera pa mawu olembedwa kumbuyo kwa basi,
akuti Zonse ndi Nthawi.
Sindinaseke.

Pa Chilenje lediyeta yawira.
Takhala m'mbali mwa msewu, boneti yasamu,
kudikira chitsulo chiphwe mkwiyo.
Kamtsikana kogulitsa madzi a m'mapepala
kakuwerenga matabwa mokweza, kasokonezeka, kayambiranso.
Kenaka kakundifunsa,
"Anti, oyendetsa apita kuti?"
Ndakaonetsa makiyi.
Ndagula mapaketi asanu ndi limodzi:
asanu a galimoto, limodzi tigawane ndi Misheki.

Ku Chalala phula limatha mosatsanzika.
Miyala yoyera yatuluka m'nthaka ngati mano,
ngolo ikugunda uliwonse, msana wanga ukuwerenga.
Mwini nyumba, foni kukhutu,
akuti mwachedwa, akalipentala akhala chabe,
ndichotsapo makumi asanu.
Ndayang'ana nyumba yake yopanda denga,
zipinda zisanu ndi ziwiri, thambo lili m'kati mwa chilichonse.
Ndalandira zotsalazo.
Theka ndi la pampu ya petulo,
linalo agawana asukulu ndi a lendi ndisanafike.

Pobwerera ngolo ilibe kanthu
koma ndiye ikulongolola, kwete kwete kwete,
kudumpha timaenje tomwe m'mawa inkatimeza chete.
Pikiapu yapepuka, ikufuna kuthamanga,
ine phazi likukana.
Ndazolowera kuyang'ana pagalasi,
kufunsa chakumbuyo ngati chikunditsatabe.

Usiku, magetsi atapita,
ndatsegula kabuku pa kuwala kwa foni.
Pansi pa malita ake omaliza
ndakhala ndikulemba anga, chaka chachiwiri tsopano.
Lero: malita khumi ndi anayi, Buseko mpaka Chalala.
Madzi, mapaketi asanu.
Mabuleki akutsogolo ayamba kulira, Loweruka.
Mawa mabuloko mazana awiri, ku Ibex,
ndipo a Chulu akadzati tiwonjezepo,
ndidzawauza akoke okha.