Ingogogoda, Sumani

Pa bwalo la besibo ku Chinamwali,
pomwe mabesi athu ndi matumba a feteleza odzaza mchenga,
a Likaka anagwira chipewa, nakanda khutu kawiri.
Ndinamva. Mtima unati zii.

Sabata yonse ndinkalota mpira wanga
ukudumpha mabulugamu, ukupita ku Matawale.
Lero akuti usamenye,
ingogogoda.

Ndinapingasa ndodo ngati mpiringidzo wa chitseko.
Mpira unaikhudza, nugwa pompo,
n'kugubuduka mwaulesi m'fumbi.
Ndinathamanga ndikudziwa kuti ndafa kale.
Anandiphadi.

Koma Ajasi, wamiyendo ya gwape uja,
anali ali pa besi yachiwiri, wefuwefu.
Namaona atamenya, iye anakalowa kunyumba chokwawa,
a kabaza n'kuliza mabelu mpaka mumsewu.

Dzina langa palibe analitchula.

Nkhungu ikutsetsereka m'phiri la Zomba
ndinafunsa a Likaka:
nanga ndikanaumenya ndi mphamvu?
Anati, "Mwina ukanauluka. Mwina."
Anatola matumba aja, nandisenzetsa awiri.

Mchenga unkatayikira pamsana panga njira yonse.
Tinapambana ndi chigoli chimodzi,
ndipo mpaka lero dzanja limandiyabwa.