Kaduwa ka pa Thanthwe

Ndinakwera phiri kukafuna bowa,
osati maluwa.
Mvula inali itachezera usiku wonse ku Mchinji,
miyala ikuterera ngati sopo,
m'dengu mwanga mulibe ndi utale womwe.

Pa mng'alu wa thanthwe, patsinde pa msuku,
ndi pamene ndinakaona.
Kakang'ono ngati chikhadabo cha khanda,
timakutu tiwiri tili tcheru, kachitatu katabisala pansi.
Koma mtundu wake,
apa ndiye lilime linandilemera.
Kubiriwira ayi, kubiriwira n'kwa udzu.
Buluu? Buluu ndi yunifolomu ya ku pulayimale,
buluu ndi chigubu cha parafini.
Aka kanali ngati thambo la mu Juni ladontha
n'kukanirira m'mwala.

Tsilizani woweta mbuzi anati ndi khovani.
Ndinati khovani ndimamudziwa,
timalimbana chaka ndi chaka m'munda wa mtedza,
amakwawa, ukamuzula amamera pomwe wamutaya.
Aka kaima chilili, phesi laubweya,
masamba owonda ngati a anyezi.
Mnyamatayo anangoseka:
mbuzi zanga sizifunsa dzina.

A Gelesomu, akutsika ndi thumba la makala,
anatula, nagwada, nakanunkhiza.
Mayi anga ankakatchula, anatero,
dzina lake limayamba ndi chi, kapena ka...
Anakanda m'mutu mpaka phulusa linagwa.
Dzinalo linagona ndi mayi awo
kumanda a kwa Tembwe.

Mwana wanga Lekeleni anakajambula pa foni.
Foniyo inayamba yatilandira ku Zambia
ife tili pa mwala wathu womwe,
kenaka inalavula dzina lachilatini
lalitali ngati mzere wa feteleza,
ndi chithunzi cha duwa la dziko lina
lofananako, monga afanana asuweni.
Lekeleni analiwerenga kawiri, nadziluma lilime.

Dzuwa lisanafike paliwombo
kaduwa kanayamba kudzipinda.
Ndinakakhudza kuti kadikire,
kanasungunukira pa chala
ngati mchere m'madzi.

Tinatsika ndi bowa wa ndiwo ya tsiku limodzi,
A Gelesomu patsogolo, akung'ung'udzabe,
chi, ka, chi.
Pa chala changa patsala kadontho
ka mtundu uja ndalephera kuutchula.
Madzulo ano mbale ndatsuka ndi dzanja limodzi.
Mawa ndilawira,
mwina kali ndi mng'ono wake.