Khungu la Chitsulo

Pampu yathu ya pa Nchalo inayamba kutsokomola mu Febuluwale,
madzi a Shire atasanduka phala la mchenga.
Tinaimasula ine ndi Fatchi, thukuta likuluma m'maso.
Shafuti inatuluka ikuwala ngati siinalaweko madzi,
dzimbiri ngakhale kadontho ayi,
koma pakhosi pake inali itadyeka
ngati nzimbe imene mwana waiyamba n'kuitaya.

Ndi khalidwe lake chitsulo chosachita dzimbirichi, anatero Fatchi.
Madzi chimawaseka. Mchenga ndiye mfiti yake.

Ine ndinati tichiwotche
monga malemu bambo ankachitira ndi nkhwangwa ku Ngabu:
makala, mafupa a ng'ombe osinjasinja,
mvukuto mpaka chifiire psuu,
kenako m'madzi.
Tinayesa pa kachidutswa.
Tinakakhula ndi tupa: osaluma, kungoterereka.
Tinakuwa. Tinagulirana thobwa pa geti.

Patatha masabata atatu kali m'ngalande
tinakavuula kali kofiira ngati dothi la kumtunda,
kolimba ndithu, koma kodzaza timaenje.
Moto wathu unakapatsa mphamvu
n'kukalanda chimene chinkakatchinjiriza.

Shafuti yatsopano inabwera pa lole, m'pepala lamafuta,
ndi kakalata kamene Fatchi anawerenga akuloza ndi chala chakuda:
akuti inagona m'ng'anjo yotseka usana ndi usiku,
pa moto wofatsa, wosafika pofiiritsa,
mpweya wa nayitirojeni ukulowa pakhungu pang'onopang'ono
monga utsi ulowera mu mlamba
pa waya wa amayi a ku Bangula.
Khungu lolimbalo n'lopyapyala kuposa tsitsi.
M'kati anaisiya mmene inalili
kuti pa katundu wolemera igonje pang'ono, isathyoke.

Ndinaikanda ndi msomali Fatchi atacheuka.
Msomali ndiwo unabuntha.

Lero ndili pa ntchito ya usiku.
Pampu ikung'ung'udza bwino, udzudzu ukuyimba zawo,
mchenga ukudutsa osapeza poluma.
Ndayang'ana zikhatho zanga pansi pa nyali:
zipsera izi zinabwera chaka ndi chaka, palibe anazifulumizitsa.

Ndiye ndakumbuka Lusiyano, mwana wanga woyamba.
Ndinkati dziko lino ndi mchenga, alimbe msanga.
Ndinakoleza, ndinapopa mvukuto.
Analimbadi. Sanalirepo pamaso panga.
Ali ku Beira chaka chachinayi tsopano,
ndipo foni yanga ndaiika apa, pa chivundikiro cha pampu,
pamene ndingaione ikawala.