Osakhudza

Usiku wa Juni, chiperoni chameza phiri la Soche,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa ofesi ku Ginnery Corner,
ine ndi sikirini yakuda bii tayang'anizana.
Muno mulibe zithunzi zodina.
Kamzere koyera kakungophethira
ngati mlonda wodikira unene chimene wadzera.

Ndilemba pwd.
Ndiko kufunsa kuti ndili pati,
funso lochititsa manyazi pa depoti ya Wenela,
koma makina amayankha osakuseka.

Seva imodzi, makomo mazana atatu.
Ndikati ls, a lendi onse amatulukira pakhonde:
sukulu yophunzitsa galimoto ya ku Limbe,
mpingo wa ku Chilomoni umene unang'ambika pakati
n'kusiya mayina awiri osiyana chilembo chimodzi,
okhoma mabokosi a maliro ku Ndirande,
loya, wamatailosi, kwaya imene inatha kalekale.
Khoma ndi limodzi, koma sapatsana moni.

A Kandulu, amene anadula mapuloti onsewa,
anapita ku Joni chaka chatha, mapu ali m'mutu.
Anandisiyira zipinda za mayina otere:
zakale, zakale2, zakale_zenizeni,
ndi china kumapeto, osakhudza.

cd, ndalowa.
cd ndi timadontho tiwiri, ndabwerera kwa kholo.
Ndikayamba dzina, batani la tab limandimalizira
ngati mnzako wodziwa kale kumene nkhani ikupita.
find ndi galu wanga, amanunkhiza mpaka kumphasa.
grep amapeta mizere zikwizikwi
n'kundipatsa njere imodzi.

Bwana asiya kapepala pa kiyibodi:
fufuta onse osalipira.
Wachisanu pamndandanda ndi telala wa ku Bangwe,
Esinala Chipojola,
miyezi khumi ndi inayi foni yake sikupezeka.
Ndalowa m'nyumba mwake osaodira.
Madiresi a ukwati, mayunifolomu a nazale,
mitengo ya nthawi ija kwacha isanagwe,
ndi fayilo imodzi yosochera pakati pa masiketi,
mwanawanga.jpg

rm ndi zilembo ziwiri zokha.
Safunsa kawiri,
sasiya ndi manda omwe oti ukalirepo.
Zala zanga zaima m'malere.
Panja galimoto ya mkate yadutsa, kulowera ku Chichiri.

mv nayenso ndi zilembo ziwiri.
Ndamunyamula Esinala ndi makina ake onse,
ndamulowetsa m'chipinda chakumapeto chija,
kenako, popeza ndafikamo kale, ls.

Anthu khumi ndi mmodzi ali phee m'menemo.
Wojambula zithunzi wa ku Zingwangwa,
gulu la mpira wa atsikana,
wokonza mawailesi amene maliro ake ndinawamva pa wailesi.
A Kandulu, inu!
Ndimayesa ndinu munthu wosalongosoka.

Kwayamba kuyera ku Mpingwe.
cd yokha, yopanda kanthu patsogolo,
imakubweza kwanu pompo.
Ine ayi, ndidikire minibasi yoyamba ya ku Machinjiri,
manja m'thumba la jekete,
ndikuganiza bodza limene ndiwauze bwana.