Mailosi Anayi

Jago watsogola pa kagalimoto kake,
nyali yachikasu ikuphethira padenga.
Ine pambuyo, pamwamba pa chimakina chokololera balere
chotambalala ngati chikufuna kumeza msewu.

Misewu ya ku Cornwall anailambulira ngolo za akavalo.
Mipanda ya miyala uku ndi uku, yomera minga,
ikukanda nthiti za makina, kwee, kwee.
Kumanzere kwatsala chikhatho chimodzi.
Kumanja ndasiya kuyeza.

Kuchoka pa famu ya a Tregear kukafika ku munda wakumtunda
ndi mailosi anayi basi.
Wailesi yati mvula igwa dzuwa lisanalowe,
ndipo balere wauma, wazyolika mitu.

M'galasi ndikuwaona akuchulukana.
Woyamba wasenzetsa galimoto yake bwato la pulasitiki,
dzanja lili pa hutala ngati linamera pomwepo.
Asuzumira kumanja, abwerera,
asuzumiranso,
pokhota pomwe ngakhale ine wakumwamba kuno
sindikuona chimene chikubwera.

Bambo inu, chikanakhala chopindika
ndikanachipinda ngati mpango, n'kuchiika m'thumba.
Liwiro lake ndi lomweli.
Nyanja mukuithamangirayo siphwa lero.

Chaka chatha pokhota pomwepa
Denzil anapatukira wina waphuma.
Tayala linatitimira m'ngalande, mpanda unagumuka,
masiku atatu makina ali chipendekere
mvula ikudya tirigu wake.
Waphumayo sanacheuke n'komwe.

Thukuta m'manja. Chiwongolero chikuterera.
Ndikulankhula ndi chitsulo ngati ng'ombe ya bere:
pang'onopang'ono mayi, usakhudze mlatho.

Pa geti la a Penhale pali kampata.
Ndalowetsa mphuno, nthambi zikuthyoka,
ndaima.

Ayamba kudutsa, ine ndikuwerenga.
Wabwato uja watulutsa chala pawindo.
Wachitatu akutukwana, galasi lili chitsekere,
ndangoona pakamwa pakuyenda.
Kamtsikana kena kakundibayibitsa ndi chidole.
Wachisanu ndi chinayi ndi galimoto ya buledi,
nayenso akupukusa mutu.
Apo ndaseka ndekha.

Khumi ndi asanu ndi atatu.
Womaliza akubwera mosathamanga,
galimoto yakuda, yaitali, maluwa oyera kumbuyo.
Mailosi onsewa anali pamzere
osaliza kanthu.
Woyendetsa, mkulu wa imvi,
wakweza zala ziwiri pa chiwongolero, kundipatsa moni,
ine ndavula chipewa mochedwa,
atapita kale.

Msewu wati zii.
Injini ikupuma pansi pa mapazi anga,
fungo la dizilo ndi udzu wophwanyika.
Kumadzulo mitambo yayamba kuda m'munsi.

"Merryn," Jago pa wailesi, "wagona?
Yatsala mailo imodzi ndi theka."

Ndabweza giya. Ndalowanso mumsewu.
Ndisanafike n'komwe pa mtengo wachiwiri
m'galasi mwatulukira kagalimoto kofiira,
kakuthwanimitsa magetsi.