Mphepo Yosagwedeza Tsamba

Zaka makumi awiri ndi zisanu ku Msekera
ndinkalawirira kukasuzumira m'chitini choyezera mvula
n'kulemba mamilimita m'buku lachikuto chobiriwira.
Pamsika wa Kapata ankandiimitsa: a Sakala, tibzale?
Ndikaphonya, ankandiseka mpaka m'basi.

Tsopano mwana wanga Tikambenji wabwera kutchuthi
ndi kompyuta yong'aluka pakona,
akuti nayenso ndi wa zanyengo.
Koma mphepo yake sigwedeza tsamba la mango.
Imachoka padzuwa, akutero,
pabowo lakuda ngati dzino lobooka,
makilomita mazana asanu ndi limodzi pa sekondi,
ndipo pakatha masiku makumi awiri ndi asanu ndi awiri
bowolo limatisuzumiranso ngati mwini ngongole.

Kumwamba uko, kupitirira phiri la Kanjala, kupitirira ndeke,
dziko lathu linamanga lamba m'chiuno.
M'lambamo muli tinthu tochepa kuposa fumbi, maelekitironi.
Mphepo ikaomba sitidzuka tsiku lomwelo,
timadikira mawa, mwina mkuja,
kenaka n'kuchuluka ngati anankafumbwe m'nkhokwe
n'kumafumbula masetilaiti mwakachetechete.

Lachiwiri, malaiti atapita, anakhala pakhonde
nkhope yokha ikuwala,
nati: Lachinayi tichuluka, atate, muona.
Ndinakweza maso. Nyenyezi zinali phee.
Lachinayi litafika, mzere wa pagalasi uja
m'malo mokwera unagwa chagada.
Lamba anakhuthuka ngati thumba loboola mbewa.

Sanadye. Anangoti mphepo inabwera yothithikana,
inafinya lamba, tonse n'kutayikira kunja.

Ndinalowa kuchipinda, ndinapukuta fumbi pabuku lija,
ndinamutsegulira Disembala wa chaka chimene anabadwa,
pomwe ndinalonjeza mvula masiku asanu ndi anayi otsatizana
koma m'chitini munangogwera chiwala chakufa.
Pansi pa tsiku lililonse pali ziro, dzanja langa lomwe.

Lemba chimene chabwera, ndinatero,
chimene unkafuna chisiye.
Anawerenga maziro onse ndi chala
ngati akuwerenga katemera pankhope.

Loweruka pakati pa usiku anagogoda:
atate, takwera, tangochedwa masiku awiri!
Ndinatuluka wopanda nsapato.
Mtengo wa mango unali chiimire,
galu wa a Jere akuuwa njinga yochedwa pamsewu wa ku Mchini.
Mwa chizolowezi ndinanyowetsa chala ndi malovu
n'kuchikweza m'mwamba,
iye akundiseka pakhomo.